AMACE ROBERT: MBIRI YA MAI MARY LIVINGSTONE (1821-1862)

M'midzi ya ku Mtenguleni, ndi m'dziko lonse la Mpezeni, mkazi akabala mwana woyamba dzina lace la pa ubwana liyamba kuiwalika, ndipo anthu amuitana ndi dzina la mwanayo. Mwambo womwewo uliponso kwa Atswana a kumwera. Cifukwa cace mkazi amene mbiri yace yalembedwa pano anadziwika pakati pao ndi dzina lakuti Ma-Robert, ndiko kunena kuti Amace Robert. Azungu anamdziwa monga Mary Livingstone, mkazi wa Dr. David Livingstone.

Za mwamuna wace ana a sukulu aphunzira zambiri: mitsinje imene anaoloka, nyanja zimene anaziona, ndi imfa yace kwa Chitambo m'caka ca 1873. Za mkaziyo anthu anena pang'ono. Iye sanalembe buku, sanaime pa msonkhano waukuru. Nchito yace inali kubala ana 6 ndi kuwalera m'ngolo, m'cipululu, ndi m'nyumba za eni. Mbiri yace iyenera amai onse amene ali ndi ana ang'ono, makamaka iwo amene atopa. Pakuti Mary analimba, nafoka, nakayika, koma Mulungu sanamtaye.

UBWANA WACE

Mary anabadwa pa 12 April 1821 ku Griquatown, m'dziko limene lero lichedwa South Africa. Anali mwana wacisamba wa Mbusa Robert Moffat ndi mkazi wace Mary, amishoni a London Missionary Society. Anakulira pa mishoni ya Kuruman, m'mphepete mwa cipululu ca Kalahari, ndipo cinenero ca Setswana anacilankhula monga mwini. Atate wace anatha zaka zambiri alikutembenuza Buku Lopatulika m'cinenero cimeneco, kufikira anatsiriza m'caka ca 1857.

Amace anali mkazi wa cikhulupiriro colimba. Zaka zinapita pa Kuruman popanda munthu wotembenuka mtima. Koma pamene bwenzi lace la ku England linamfunsa mphatso imene akaikonda, iye anapempha mbale ndi zikho za Mgonero wa Ambuye. Zipangizozo zinafika m'caka ca 1829, caka comweco cimene Akristu oyamba anabatizidwa. Pa bwalo lotere anakula Mary.

Akali wamng'ono anamtumiza ku sukulu ya Salem, kutali ndi makolo ace, nadziwa msanga kuwawa kwa mwana wolekana ndi amace. M'mwezi wa November 1835, tsiku lija dzuwa linada usana, pamene Angoni a Zwangendaba analikuoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, amai atabereka ana ao kumbuyo, Mary anali buthu la zaka 14. Sanadziwe kuti manda ace adzakhala m'mbali mwa mtsinje womwewo. Atakula anakhala mphunzitsi wa ana ang'ono pa Kuruman.

BANJA LA KU KOLOBENG

M'caka ca 1844 mkango unagwira Dr. Livingstone ku Mabotsa, nuthyola pfupa la mkono wace wamanzere. Iye anapita ku Kuruman kukapumula, ndipo kumeneko anafunsira Mary. Ukwati wao unadalitsidwa m'January 1845. M'zaka zitatu zoyamba anamanga nyumba katatu: ku Mabotsa, ku Chonuane, ndi potsiriza ku Kolobeng, pakati pa Abakwena a mfumu Sechele. Robert anabadwa mu 1846, Agnes mu 1847, ndi Thomas mu 1849.

Pamalopo panalibe sitolo, ndipo kanthu kali konse ka m'nyumba kanaturuka m'manja a mai. Mary anaoca mkate m'dzenje lokumbidwa m'culu. Anapanga sopo wa phulusa ndi mafuta, naumba makandulo, nasoka zobvala za banja lonse. Atatha izi anasonkhanitsa ana a m'mudzi kuwaphunzitsa kuwerenga ndi kuyimba, ndi asungwana kuwaphunzitsa kusoka.

Pamenepo kunagwa cilala. Mvula inakana zaka zotsatana, ndipo mtsinje wa Kolobeng unaphwa. Mfumu Sechele anali wodziwika ndi kuitana mvula, koma analeka pamene anabatizidwa mu 1848. Cotero anthu ambiri anaganiza kuti amishoni ndiwo amanga mvula. Njala inalowa m'nyumba ya mishoni monga m'nyumba zina zonse, ndipo ana a Mary anadya dzombe ndi mphalabungu pamodzi ndi ana a Abakwena. Mwa zonsezi mai uyu anapirira, nasunga mapemphero a pa banja m'mawa ndi madzulo, monga anaonera kwa amace.

M'CIPULULU CA KALAHARI

Cilalaco cinakakamiza Dr. Livingstone kufuna malo ena a madzi kumpoto. Mu 1849 anafika pa nyanja ya Ngami, ndipo caka cinzace anabwererakonso pamodzi ndi mkazi wace ndi ana atatu. Mary anali ndi pakati. Anayenda miyezi m'ngolo ya ng'ombe, pa mcenga wotentha. Ndipo atafika ku nyanjako ana awiri anagwidwa ndi malungo, kotero kuti anabwerera. Atangofika ku Kolobeng, m'August 1850, Mary anacira mwana wamkazi, namucha Elizabeth. Masiku amenewo nthenda ya cifuwa inalikupha ana a Abakwena, ndipo khandalo linamwalira litakhala ngati milungu 6. Mary analira maliro pamodzi ndi akazi a m'mudzi, amene analikuika ana ao m'masiku omwewo. Iye mwini anadwala nthenda imene inaumitsa mbali imodzi ya nkhope yace.

M'April 1851 ananyamukanso, Mary ali ndi pakati pena. Amace atamva, analemba kalata yowawa kwa mkamwini wao, kumdzudzula kuti manda amodzi sanamkwanire kodi. Koma Mary anasankha kupita ndi mwamuna wace, pakuti anaopa kulekana koposa cipululu.

Pa ulendowo panacitika cinthu cimene Dr. Livingstone sanaciiwale moyo wace wonse. Mtsogoleri wa njira, dzina lace Shobo, anasokera, ndipo pambuyo pace anawathawa. Mmodzi wa anyamata a ngolo anataya madzi mwa kusasamala, natsala pang'ono pokha a ana. Madzi akamacepa, ludzu la ana linakulirakulira. Usiku wonse makolo anayang'ana ana ao atatu, podziwa kuti akhoza kufa pamaso pao. Mwamunayo anacitira umboni m'buku lace kuti Mary sananene liu limodzi lomtsutsa, ngakhale misozi inali m'maso mwace. Tsiku lacisanu dzuwa litapendeka, anthu amene anatsogola anabwera ndi madzi.

Amene awerenga Genesis 21 adzakumbukira Hagara, amene madzi anamthera m'cipululu ca Beereseba, nagoneka mwana wace pansi pa citsamba, nakhala patali kuti angaone imfa yace. Ndipo Mulungu anamva kulira kwa mnyamatayo, natsegula maso a amace kuti aone citsime. Mary anaidziwa nkhaniyi kuyambira ubwana wace, naiphunzitsa kwa ana a eni. Tsopano anaiphunzira ndi mmero wouma.

Anafika pa mtsinje wa Chobe kwa Sebetwane, mfumu ya Makololo, amene anawalandira bwino. Mfumuyo inadwala, nimwalira m'July 1851. Ndipo mau ace otsiriza kwa Dr. Livingstone anali olamula kuti mwana Robert ampatse mkaka. Pobwerera, pa 15 September 1851, Mary anacira mwana wamwamuna m'njira, m'mbali mwa mtsinje wa Zouga. Anamucha William Oswell, dzina la bwenzi lao limene linawathandiza kwambiri pa maulendo amenewa.

Pano mbiri iyenera kunena zoona. Dr. Livingstone anali mtumiki wamkuru wa Mulungu, koma katundu amene anasenzetsa mkazi wace ndi ana ace anali wolemera kopambana muyeso. Atakalamba iye mwini anabvomera kuti cinthu cimene cinamcititsa cisoni pokumbukira Kolobeng ndico cakuti sanapatule nthawi ya kusewera ndi ana ace akali ang'ono. Cangu ca pa nchito ya Mulungu sicimasula mwamuna ku udindo wa pa nyumba yace, monga 1 Timoteo 5:8 aphunzitsa.

M'DZIKO LA ENI

Pa 23 April 1852 Mary anakwera combo pa Cape Town kunka ku Britain ndi ana anai, wamkuru wa zaka 6, wamng'ono wa miyezi 7. Mwamuna wace anabwerera kumpoto. Anapangana kuti adzaonana zitapita zaka ziwiri, koma zinapita zaka zinai ndi theka.

Ngakhale makolo ace anali a ku Britain, kwa Mary dzikolo linali la eni, lozizira ndi la anthu osawadziwa. Poyamba anakhala kwa apongozi ace ku Hamilton, ku Scotland, koma sanamvane nao, nacoka. Anayendayenda ndi ana ace m'nyumba zolipira, lero pano mawa apo. Ndalama zimene a mishoni anampatsa sizinakwanire, ndipo analowa m'ngongole, nalemba makalata opempha thandizo. Pomwepo mwamuna wace analikudutsa Africa, kufika ku Luanda mu 1854, ku mathithi a Mosi-oa-Tunya mu 1855, ndi ku Quelimane mu 1856. Miyezi yambiri inapita popanda kalata, ndipo Mary sanadziwe ngati ali mkazi wa mwini kapena wamasiye.

Zowawa zotere amai a kuno azidziwa. M'zaka za 1940 ndi 1950 amuna ambiri a ku Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero, anapita ku mapulazi a Southern Rhodesia ndi ku migodi ya Johannesburg ndi Copperbelt, ndipo ena anasanduka machona. Mkazi anatsala ndi khasu, ndi mtondo, ndi ana odwala usiku, alikuyang'ana ku njira. Ndi lero lomwe alipo amai amene alera okha, amuna ao ali ku Lusaka kapena kutsidya kwa malire.

Mkazi amene cipululu cinalephera kumgonjetsa anagonja ndi kusungulumwa. Iwo amene anamdziwa m'zaka zace zotsiriza analemba kuti mtima wace unawawa, kuti anayamba kukayika za cikhulupiriro cimene anakuliramo, ndi kunena zowawa za nchito ya mishoni imene inamlanda mwamuna. Analembanso kuti nthawi zina anafuna citonthozo m'cakumwa caukali. Izi sizilembedwa pano kuti zimcititse manyazi. Zilembedwa kuti mai amene ali m'cigwa comweco adziwe kuti sali woyamba kulowamo.

Ndipo Mulungu, amene anatumiza madzi tsiku lacisanu, anatumizanso anthu. M'mudzi wa Kendal munali banja la a Braithwaite, a mpingo wa Abwenzi umene Azungu aucha Quakers. Pamene Mary anadwala kwambiri, iwo anamlandira m'nyumba mwao, namdwazika, nabveka ana ace, nawathandiza pa sukulu. Sanali abale ace, ndiponso sanali a mpingo wace. Anangoona mai wotopa ndi ana ang'ono, nacita cimene Agalatiya 6:2 alamulira. M'December 1856 Dr. Livingstone anafika, ndipo Mary anamlandira ndi ndakatulo imene anailemba yekha, m'mene anaonetsa ciyembekezo cace cakuti sadzalekananso.

MASIKU OTSIRIZA PA SHUPANGA

M'March 1858 ananyamuka onse awiri kunka ku Zambezi, atatenga mwana Oswell. Kasitima kamene kanakayenda pa mtsinjewo anakacha Ma Robert. Koma ali pa nyanja kunadziwika kuti Mary ali ndi pakati, ndipo anatsikira pa Cape Town, napita kwa makolo ace ku Kuruman. Kumeneko, m'November 1858, anabala mzime wace Anna Mary. Atate wa mwanayo anamva za kubadwa kwace patapita caka cathunthu, atafika kale pa nyanja ya Malawi m'September 1859.

Mary anabwerera ku Scotland. Mu 1861 mwamuna wace anamuitana, ndipo anasiya ana ace asanu m'manja a abale ndi aphunzitsi, wamng'onoyo asanakwane zaka 3. Mai ali yense adziwa kuti mtima wace unang'ambika pakati tsiku limenelo. Anafika pa matsiriro a Zambezi kumapeto kwa January 1862, pamodzi ndi Mbusa James Stewart, ndi zitsulo za sitima yatsopano yochedwa Lady Nyassa. Nchito ya kunyamula ndi kulumikiza zitsulozo inacedwa, ndipo anakhalitsa m'madambo a udzudzu nyengo ya malungo.

Miyezi itatu imeneyo Mary ndi mwamuna wace anakhalanso pamodzi, naseka monga masiku a ku Kolobeng. Ndipo mwamunayo, poona mdima umene unali mu mtima wa mkazi wace, analankhula naye zambiri za cikhulupiriro. Pa 21 April Mary anagwidwa ndi malungo pa Shupanga, m'dziko la Mozambique. Dr. John Kirk ndi mwamuna wace anayesa mankhwala onse, koma iye analikusanza kosaleka. Anamgoneka pa kama wa mabokosi. Pamene sanathenso kulankhula, mwamuna wace anamfunsa ngati alikutsamira pa Yesu, ndipo iye anakweza maso ace kumwamba. Mbusa Stewart anagwada napemphera. Dzuwa litalowa, tsiku la Mulungu, pa 27 April 1862, Amace Robert anamwalira, ali ndi zaka 41. Anamuika pansi pa mlambe waukuru.

Pambuyo pace Dr. Livingstone, pofunafuna m'mapepala a mkazi wace, anapeza pemphero lalifupi lolembedwa ndi dzanja lace. M'pempheromo Mary anapempha Ambuye kuti amlandire monga momwe analiri, ndi kumuumba kuti akhale monga Iwo afuna. Sanadikire kuti ayambe wakhala wolimba kapena woyera. Anabwera ndi kutopa kwace, ndi kukayika kwace, ndi zolakwa zace, nazitula pa mapazi a Mpulumutsi.

ZIPATSO ZACE

Mary sanaone ana ace atakula. Robert, amene anampatsa dzina, anakhala mnyamata wosakhazikika. Anakalowa usilikari pa nkhondo ya ku America imene inathetsa ukapolo m'dzikomo, nalasidwa, namwalira m'ndende ya adani mu 1864, ali ndi zaka 18. Koma Anna Mary, khanda lija losiyidwa, anakula nakhala Mkristu wacangu, ndipo mwana wace Dr. Hubert Wilson anadzatumikira odwala pa mishoni ya Chitambo muno m'Zambia, mishoni imene inayambidwa ndi Malcolm Moffat, mwana wa mlongo wace wa Mary.

Mbusa Stewart, amene anaima pa manda aja, ndiye anadandaulira mpingo wa ku Scotland mu 1874 kuti utumize amishoni ku nyanja, ndipo a Livingstonia anafika pa Cape Maclear mu 1875. Potsata iwo, a Dutch Reformed Church anayamba pa Mvera mu 1889. Kucokera kumeneko Uthenga Wabwino unalowa m'dziko la Mpezeni, pa Magwero pa 5 July 1899, ndi pa Madzimoyo, pafupi ndi Mtenguleni, mu 1903. Mwa mbeu zimene zinagwa m'nthaka kuti mpingo uno umere, imodzi ili pansi pa Shupanga.

CIMENE MBIRI IYI IPHUNZITSA

Coyamba ndi ca amai. Nchito ya kusinja, kutunga madzi, kucapa matewera ndi kucezera usiku ndi mwana wotentha thupi siilembedwa m'mabuku a anthu, koma Mulungu aiona. Yesaya 40:11 afanizira Ambuye ndi mbusa amene samathamangitsa nkhosa zoyamwitsa. Mai amene alibe nthawi ya kukhala pansi ndi Buku akhoza kupemphera pa mtondo ndi pa njira ya ku citsime. Ndipo tsiku limene mau a pemphero amthera, akumbukire pemphero la Amace Robert, nabwere monga momwe aliri. Mphamvu ya Mkristu siikhala m'kulimba kwa dzanja lace logwira Ambuye, koma m'dzanja la Ambuye logwira iye.

Caciwiri ndi ca abambo. Mwamuna amene acoka pakhomo, kaya cifukwa ca ndalama, kaya cifukwa ca nchito ya mpingo, awerenge mtengo umene mkazi ndi ana alipira. Ana sakhala ang'ono kawiri. Dr. Livingstone anazindikira ici ana ace atakula kale, ndi mkazi wace ali m'manda.

Cacitatu ndi ca mpingo wonse, makamaka akuru a mpingo ndi amai a Cigwirizano. M'mudzi uli wonse muli mai amene waleka kubwera ku mapemphero, amene ana ace ayenda ausiwa, amene anthu ayamba kumnong'onezana. Nkwapafupi kulemba dzina lace m'buku la milandu. Koma a Braithwaite anatsegula citseko. Wina akamlimire ndime, wina akamtengere mwana tsiku limodzi kuti agone tulo, wina akakhale naye pa mphasa ndi kumwerengera Mau. Tsiku lija m'Kalahari madzi sanagwe kumwamba. Anafika atanyamulidwa ndi anthu amene anayenda mtunda pa mcenga wotentha. Momwemonso madzi a moyo afika kwa mai waludzu ndi ana ace m'manja a Akristu anzace.